Malangizo a pa Ntchito: Kusankhira Kasitomala Tayi Yovalira Kilt

Mukayamba ntchito m'shopu yobwereketsa zovala za mwambo wa ku Scotland, kaya ku Edinburgh, ku Glasgow kapena ku Inverness, masiku oyamba amakuphunzitsani kuyeza chiuno, kupachika kilt ndi kulemba lisiti. Kilt ndi chovala cha amuna chija cholekeza m'mawondo, chopindidwa mizeremizere kumbuyo, chosokedwa ndi tartan, nsalu ya ubweya wa nkhosa ya mizere yopingasana. Za pakhosi sakuuzani zambiri chifukwa amaziyesa zazing'ono. Komatu pa chithunzi cha ukwati maso amayamba kugwera pankhope ndi pakhosi, ndipo cholakwika cha pamenepo sichibisika.

Nkhani ya tayi yovalira kilt ili ndi mikangano yambiri. Akuluakulu osunga mwambo ali ndi maganizo awo, akwatibwi ali ndi awo, eni mashopu nawonso ali ndi awo. Inu musasochere m'menemo. Gwirani dongosolo ili: mwambo umene munthu akupitako ndiwo umasankha jekete, jekete ndiyo imasankha shati ndi cha pakhosi, zokonda za munthu zimabwera pomaliza. Zotsatirazi zikufotokoza mmene dongosololi limayendera pa kauntala.

1. Yambani ndi mafunso. Munthu akalowa n'kunena kuti akufuna kilt ya Loweruka, musathamangire ku kabati ya matayi. Mufunseni zinthu zinayi: ndi mwambo wanji, ukuyamba nthawi yanji, khadi loitanira lanena chiyani za kavalidwe, ndipo iye akupitako ngati ndani. Mkwati, mperekezi, bambo a mkwatibwi ndi mlendo wamba savala mofanana nthawi zonse. Ngati khadilo ali nalo pa foni, pemphani kuti muliwerenge nokha. Mawu akuti black tie amatanthauza chovala chaulemu cha madzulo, white tie ndi chaulemu woposa pamenepo, pamene lounge suit ndi day dress ndi zovala wamba zaulemu za masana. Safunsa anadya phula. Dziwaninso nyengo: pa 25 Januwale pamakhala madyerero a usiku okumbukira mlakatuli Robert Burns, kuyambira Meyi mpaka Seputembala ndi nthawi ya maukwati, Juni ndi Julayi ophunzira a m'mayunivesite amalandira madigiri, ndipo pa 30 Novembala ndi tsiku la St Andrew.

2. Jekete ya Prince Charlie imafuna bow tie yakuda. Prince Charlie ndi jekete yaifupi yakuda, ya mabatani onyezimira ngati siliva ndi timichira tatifupi kumbuyo. Imavalidwa ndi waistcoat, kajekete kopanda manja kovalira m'kati, ya mabatani 3 yotseguka kwambiri pachifuwa. Pamenepa pamayenera bow tie, tayi yaifupi ya mapiko awiri yomangidwa mopingasa pakhosi, ndipo ikhale yakuda. Ichi ndicho chovala cha black tie kwa mwamuna wovala kilt. Tayi yaitali pa jekete imeneyi siikhala bwino: waistcoat yake ndi yotsika, choncho tayiyo imayenda mtunda wautali poyera, kenako n'kutulukira pansi. Anthu ambiri masiku ano amavala Prince Charlie pa ukwati wa masana, ngakhale osunga mwambo amati ndi ya madzulo okha. Muuzeni kasitomala zimenezi kuti asankhe akudziwa.

3. Jekete ya Argyll imalola tayi yaitali ndi bow tie yomwe. Iyi ndi yotalikirapo, yosokedwa moyandikira jekete ya suti, ndipo ndi imene imagwira ntchito zambiri m'shopu. Masana muiphatikize ndi waistcoat ya mabatani 5 yotseka m'mwamba, shati ya kolala wamba ndi tayi yaitali. Madzulo, ngati khadi lati black tie, Argyll yakuda ya mabatani asiliva imaloledwa mukaikapo waistcoat ya mabatani 3 ndi bow tie yakuda. Munthu amene mwambo wake ukuyamba 2 koloko masana n'kukafika pa gule wa usiku, mulangizeni Argyll ndipo mumupatse matayi onse awiri. Cholakwika chofala ndi kulongedza tayi yaitali limodzi ndi waistcoat yotsika ija. Musanatseke chikwama, werengani mabatani.

4. Tweed imayenda ndi tayi ya ubweya. Tweed ndi nsalu yokhuthala ya ubweya wa nkhosa, yokhakhala pang'ono mukaigwira, ndipo jekete yake imakhala ndi mabatani a nyanga kapena ofanizira nyanga. Ndi chovala cha masana ndi cha panja. Tayi yake ikhale yaitali, ya ubweya kapena yolukidwa, ya mtundu umodzi kapena ya timadontho tating'ono. Tayi yonyezimira kwambiri imaoneka yachilendo pa nsalu yosanyezimira ngati imeneyi, ndipo bow tie yakuda ya usiku siyenera pamenepo. Kasitomala akakayikira, muonetseni zithunzi za Braemar Gathering, masewera amene amachitika Loweruka loyamba la Seputembala pafupi ndi nyumba yachifumu ya Balmoral. Mfumu Charles III imafikako itavala kilt, jekete ya tweed ndi tayi yaitali. Chitsanzo chimenecho chimathetsa mkangano msanga kuposa mawu anu.

5. Doublet yotseka pakhosi imafuna jabot. Pa miyambo yaulemu kwambiri pali majekete otchedwa doublet. A Montrose ndi Kenmore amatsekeka mpaka pakhosi ndipo kolala yawo ndi yoimirira, choncho bow tie ilibe pokhala. Pamenepo pamavalidwa jabot, nsalu yoyera ya lesi yopindapinda yolendewera kuchokera pakhosi kufika pachifuwa, ndipo kawirikawiri pamakhalanso lesi wa m'mikono wofanana nayo. Sheriffmuir imamangidwa pakhosi pokha n'kutseguka kumunsi, ndipo nayonso imayenda bwino ndi jabot. Regulation doublet ndiyo yotseguka pachifuwa, yolandira bow tie. Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa atsopano: pa mwambo wa white tie, mwamuna wovala kilt sakakamizidwa kuvala bow tie yoyera. Ku gule wa Royal Caledonian Ball ku London, amene anayamba m'zaka za m'ma 1840, ovala kilt amafika ndi bow tie yakuda kapena jabot. Muchenjezeni wofuna Montrose kuti ndi yothina ndi yotentha, ndipo siivulidwa pakati pa mwambo.

6. Ruche ndiyo imakanganitsa anthu kwambiri. Iyi ndi tayi yotakata yonyezimira, ya mfundo yokwinyikakwinyika, imene nthawi zambiri imabwera yomangiratu, yongokoleka kumbuyo kwa khosi. Inafala kudzera m'mashopu obwereketsa zovala za ukwati m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, chifukwa imapezeka m'mitundu yambiri yogwirizana ndi madiresi a aperekezi achikazi. Osunga mwambo amaikana, amati ndi ya m'shopu, si ya mwambo. Akwati ambiri amaikonda. Maganizo anga ndi awa: ruche ili ndi malo amodzi, pa mkwati ndi aperekezi ake pa ukwati, itavalidwa ndi waistcoat ya mabatani 5 kuti kumunsi kwake kubisike. Musaipereke kwa munthu wopita ku madyerero a black tie, kwa mlendo wamba wa pa ukwati, kapena kwa wopita ku maliro. Mkwati akakufunsani kuti inu mungasankhe iti, muuzeni zoona: tayi yaitali ya mtundu umodzi siikalamba pa zithunzi, pamene ruche imaonetseratu nyengo imene inali m'fasho.

7. Tayi ya tartan pa kilt ya tartan, chenjerani nayo. Alendo ochokera ku America, Canada ndi Australia amaifuna kwambiri, chifukwa amanyadira dzina la mtundu wawo. Vuto lake ndi lakuti kilt yathunthu ili kale ndi nsalu yokwana mayadi 8, pafupifupi mamita 7, ya tartan yomweyo, ndiye kuonjezerapo ina pakhosi kumachulutsa mizere. Chinanso, nsalu ya tayi imakhala yopyapyala, mizere yake ndi yaing'ono, ndipo imadulidwa mopendeketsa. Tartan ya dzina limodzi imalukidwanso m'maonekedwe osiyana: modern ndi ya mitundu yoderako, ancient ndi yowalirapo, weathered ndi yooneka ngati yasuluka. Choncho tayi ndi kilt za dzina limodzi zikhoza kusemphana mukaziika pamodzi. Ma tartan awiri osiyana pa munthu mmodzi ndiye musalole n'komwe popanda kumuchenjeza. Tayi ya tartan imakongola pa suti wamba, ndipo ndi mphatso yabwino kwa wachibale amene sakufuna kuvala kilt.

8. Mtundu wa tayi muutenge m'kilt momwemo. Yalani kilt pa tebulo, yang'anani mzere woonda umene suonekera kwambiri, ndipo sankhani tayi ya mtundu umenewo kapena woderapo pang'ono. Tartan ya Royal Stewart ndi yofiira kwambiri, ndiye tayi yofiira imangomira. Ya buluu woderako kapena yobiriwira moderako imaoneka bwino. Black Watch ili ndi buluu, kubiriwira ndi kuda, choncho imalandira tayi ya buluu woderako, kapena yofiira moderako kwa wofuna kuti pakhosi paoneke. Magetsi a m'shopu amanamiza maso. Tengani kilt ndi tayi, pitani nazo pafupi ndi khomo kapena pa windo, muziyang'ane pa kuwala kwa kunja. Dzina la tartan likakusokonezani, lifufuzeni mu Scottish Register of Tartans, kaundula wa boma amene anatsegulidwa mu 2009.

9. Pali matayi amene ali ndi eni ake. Ku Britain tayi ya mizere yopendekeka nthawi zambiri imakhala chizindikiro cha gulu la asilikali, yunivesite, sukulu kapena kalabu. Munthu wovala tayi ya gulu limene sanakhalemo akhoza kufunsidwa pagulu kuti anatumikira liti, n'kusowa choyankha. Kasitomala akabwera ndi yakeyake ya mtundu umenewu, ilemekezeni, ndipo muzindikire kuti imaloledwa pa kilt ngakhale mitundu yake isagwirizane ndi tartan. Koma inu musatole tayi ya mizere m'kabati n'kuipereka musakudziwa mwini wake. Za maliro nazo n'zosavuta: shati yoyera ya kolala wamba, tayi yaitali yakuda yosanyezimira, jekete ya Argyll kapena tweed yoderako. Bow tie ndi ya pa chisangalalo. Pokhapokha ngati anamfedwa apempha okha kuti anthu avale mitundu yowala, musasinthe zimenezi.

10. Shati ya ghillie siivalidwa ndi tayi. Iyi ndi shati yotaya, yomangidwa pachifuwa ndi kachingwe ka chikopa, imene ena amaitcha Jacobite. Ndi yabwino pa ceilidh, gule wa chikhalidwe wovinidwa m'magulu, kapena popita kukaonera rugby ku Murrayfield. Ilibe kolala yogwira tayi, ndipo siyenera pansi pa jekete ya Prince Charlie. Akwati ena amaisunga kuti asinthire usiku gule akayamba, ndipo zimenezo zilibe vuto. Ingotsimikizani kuti munthu wopita ku mwambo wa black tie sakuganiza kuti shati imeneyi imupulumutsa ku tayi.

11. Yezani khosi nokha. Musadalire nambala imene kasitomala akukuuzani, chifukwa ambiri amakumbukira ya zaka zapitazo. Zungulizani tepi m'munsi mwa khosi, pansi pang'ono pa kholingo, ndipo siyani mpata wolowa zala ziwiri. Mashati a ku Britain amawerengedwa m'mainchi, mokwera ndi theka: mainchi 16 ndi pafupifupi masentimita 41, mainchi 17 ndi pafupifupi 43. Kolala yothina imachititsa munthu kumasula batani lam'mwamba asanadye n'komwe, ndipo tayi imapendekeka. Yotaya imasiya mpata pakati pa khosi ndi mfundo. Makolala alipo awiri oti muwadziwe. Kolala wamba yopindikira pansi imalandira tayi yaitali ndiponso bow tie. Wing collar, kolala yoimirira ya tinsonga tiwiri topindika kutsogolo, ndi ya bow tie ndi ruche basi. Tinsongato tikhale kumbuyo kwa bow tie. Popeza lamba wa tayi amaonekera khosi lonse pa kolala imeneyi, mulowetseni m'kalupu ka kumbuyo kwa shati kuti asakwere.

12. Tayi yaitali imafupikitsidwa pa kilt. Kilt imamangidwa pa mchombo, pamwamba kuposa pamene thalauza la masiku ano limakhala. Munthu akamanga tayi monga amachitira popita ku ofesi, nsonga yake imatsikira pa kilt, nthawi zina mpaka kuyandikira sporran, kachikwama kolendewera kutsogolo kaja. Nsonga iyenera kulekeza pamene kilt yayambira, kapena pamwamba pa chitsulo cha lamba. Muonetseni kuti ayambe mbali yopapatiza ili yotalikirapo, ndipo ikatsala yaitali ailowetse m'shati pakati pa mabatani. Ngati wavala waistcoat, tayi isatulukire pansi, ndipo lamba wamkulu uja amasiyidwa. Mfundo nayo isankhidwe potengera nsalu: tayi ya ubweya ndi yokhuthala, ndiye imafuna mfundo yaing'ono ya four-in-hand, ya silika imalola half Windsor. Windsor yathunthu imadya utali wambiri, choncho imathandiza munthu wamfupi amene tayi yake ndi yopyapyala.

13. Phunzirani kumanga bow tie ndi manja anu. Mashopu ambiri amabwereketsa yomangiratu chifukwa siivuta. Koma alipo makasitomala amene amafuna yomanga okha, ndipo adzayembekezera kuti inu muwaonetse. Mfundo yake ndi yomweyo imene mumamanga pa zingwe za nsapato. Yesererani pa ntchafu yanu nthawi imene m'shopu mulibe anthu, kenako pa khosi lanu patsogolo pa galasi, kenako pa khosi la mnzanu mutaima kumbuyo kwake. Yomanga ndi manja siiwongoka ndendende, ndipo odziwa amaizindikira ndi zimenezo. Kukula kwake kusapitirire m'lifupi mwa nkhope ya wovalayo. Munthu amene sanamangepo, mumuikire yomangiratu m'thumba la jekete, chifukwa m'mawa wa ukwati manja amanjenjemera. Ana aang'ono apatseni yomatula mosavuta ikakoka.

14. Siyanitsani lamulo, chizolowezi ndi zokonda. Anthu ena amalankhula za matayiwa ngati kuti ndi malamulo a makedzana. Mbiri siikutero. Boma la Britain linaletsa zovala za ku Highlands ndi lamulo la mu 1746, linachotsa chiletsocho mu 1782, ndipo kilt inayamba kutchuka ngati chovala chaulemu Mfumu George IV itaivala ku Edinburgh mu 1822. Jekete ya Prince Charlie inatchedwa dzina la Charles Edward Stuart, amene anamwalira mu 1788, koma jeketeyo inayamba kusokedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Lero lamulo lenileni ndi la mwini mwambo: zolembedwa pa khadi, yunifolomu ya gulu loimba zitoliro, kapena ya asilikali. Zina zonse ndi chizolowezi chabwino, chimene chili ndi zifukwa zake. Musanamize kasitomala kuti chinthu n'choletsedwa pamene inu simukuchikonda chabe. Nenani mwachidule: "Bambo, pa jekete imeneyi anthu amazolowera bow tie yakuda. Imene mwasankhayi ikhoza kuoneka yosiyana ndi anzanu." Nenani kamodzi, momveka. Akaumirira, mupatseni chimene wafuna ndipo mulembe pa fomu kuti wasankha yekha.

15. Pa gulu la ukwati, wosankha akhale mmodzi. Ife ochokera ku Malawi ndi ku Zambia timadziwa mmene mtundu wa ukwati umasankhidwira, ndiponso mmene maganizo amachulukira achibale akalowererapo. Ku Scotland zimachitikanso. Funsani pa tsiku loyamba kuti mawu omaliza ndi a ndani, ndipo lembani dzina lake pa fomu. Ngati matayi ayenera kugwirizana ndi madiresi, pemphani kachidutswa ka nsalu yeniyeni. Chithunzi cha pa foni chimasintha mtundu. Matayi a gulu limodzi atengeni m'bokosi limodzi, chifukwa opangidwa nthawi zosiyana amatha kusiyana pang'ono ngakhale dzina la mtundu lili limodzi. Mperekezi wina akaimba foni kuti akufuna kusintha yake, musasinthe musanamve kwa mwini mawu uja.

16. Kulongedza ndi kulandira. Tayi ndi kanthu kakang'ono kwambiri m'chikwama chonse, ndipo ndiko kamaiwalika msanga. Iikeni m'kapepala kake, muikoleke pa hang'ala ya shati, muichonge pa mndandanda kasitomala akuona. Zovala zikabwerera, yang'anani m'matumba a jekete ndi m'sporran musanauze munthu kuti wataya bow tie, chifukwa ambiri amaivula gule akafika pachimake n'kuiponya m'menemo. Masulani mfundo ya tayi yaitali tsiku lomwelo, muikulunge mozungulira kuti makwinya achoke. Musaisite mokanikiza, nthunzi ndi yokwanira. Dontho la vinyo kapena msuzi pa silika musalipukute ndi madzi, tayiyo itumizeni kwa ochapa zovala ndi mankhwala, ndipo lembani za dontholo kasitomala asanachoke. Lesi wa jabot amakoka pa mabatani ndi pa mapini, choncho asungidwe payekha.

Munthu amene waima pa kauntala yanu nthawi zambiri akuvala kilt koyamba, pa tsiku lalikulu m'moyo wake, ndipo akudalira inu kuti asakachite manyazi pagulu. Muwerengereni khadi lake, muyezeni khosi, mumumangire tayi patsogolo pa galasi, ndipo mumulole ayesere yekha musanamuperekeze pakhomo.